Kampando ka Idah

Kunja kukangoyamba kuyera, Idah ankatsegula chitseko chake pang'onopang'ono kuti asadzutse mwana, n'kupita kumpopi ndi ndowa yake yobiriwira. Mpopi wathu ku Chinyonga unali umodzi, pakati pa nyumba yake ndi yanga, ndipo zenera la kuchipinda kwanga linayang'ana komweko. Nthawi imeneyo ine ndimakhala ndili m'maso, ndikuwerenga Salimo la tsikulo, choncho ndinkamumva. Ankatunga madzi, n'kuviika manja onse awiri m'ndowamo mpaka m'zigongono, kenaka n'kuyankhula motsitsa mawu ngati munthu amene akuphunzitsa mwana. Ankatchula dzina lake, dzina la malo, dzina la tsikulo, ndi zinthu zimene maso ake akuona: mtengo wa mapeyala, chingwe choyanikapo zovala, phiri la Soche. Pomaliza ankati, "Ndine mayi wa Ellen, ndine wamkulu, kuno kulibe wondimenya."

Akatero ankakoleza mbaula n'kutereka ketulo. Tiyi woyamba sanali wake, sanalinso wa Ellen. Ankamuthira m'kakapu kofiira kapulasitiki, n'kuikamo shuga wambiri, n'kukamuika pa kampando kathabwa kamene kankakhala kuseri kwa chitseko, kofundidwa chitenje chakale. Ankagwada pafupi ndi kampandoko kanthawi, n'kunena mawu ochepa m'Chisena. Tiyiyo akazizirako ankamwa yekha, n'kutsuka kapu, n'kudzutsa Ellen kuti asambe apite kusukulu.

Kampando kameneka ndi kamene kanamulanditsa mwana. Ndalemba izi kuti amene anamva nkhaniyi m'maminibasi ndi m'misika amveko kwa munthu amene analipo kakugulidwa.

Idah anabadwira ku Nsanje, cha kumalire. Makolo ake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo anamutenga azakhali ake, mlongo wa bambo ake. Za m'nyumba imeneyo sankakonda kukamba, ndipo zambiri iye mwini sankazikumbuka. Zimene ndinadziwa pambuyo pake n'zakuti kuseri kwa nyumbayo kunali kanyumba kosungiramo mapira, kopanda zenera. Mwana akaswa mbale, akakodza pamphasa, kapena akangoyang'ana munthu wamkulu m'maso, ankamutsekera m'menemo dzuwa la ku Chigwa lili paliwombo, nthawi zina mpaka mawa lake. Akalira ankamutulutsa, kumukwapula, n'kumubwezeramo. Anaphunzira kusalira.

Anabwera ku Blantyre ali mtsikana kudzagwira ntchito ya m'nyumba, kenaka anapeza malo m'sitolo ina ya nsalu ku Limbe. Ntchito yake inali yoyeza, kudula, ndi kupindanso nsalu imene makasitomala aifunyulula n'kuisiya osagula. Anali wamfupi, wakuda bii, woseka atabisa mano ndi dzanja. Ankakonda chinangwa chootcha cha pasiteji ndi nyimbo za kwaya, ndipo zidutswa za nsalu zotsala kusitolo ankabwera nazo n'kumasokera Ellen timalaya ta chidole. Iye anali wa Katolika, ine wa Mvano, koma Lamulungu tinkatulukira pa geti limodzi, n'kukasiyana pamphambano.

Mwamuna wake anali Laban, wa kwawo komweko, dalaivala wa thiraki yopita ku Beira. Anamulowola monga mwa mwambo wa kwawo, ndipo kwa anzathu a ku Chigwa mkazi akalowoledwa ana ndi a kuchimuna. Kwathu ana ndi a kwa mayi, choncho mawu amenewo ndinkangowamva osawaona kulemera kwake. Laban sanali munthu womenya. Anali munthu wosayankha. Nkhani iliyonse yolemera ankaitengera kwa mkulu wake, a Gervazio, amene ankakhala ku Mpingwe m'nyumba ya mpanda wa njerwa ndi akazi awo a Alefa, ndipo chimene a Gervazio anena ndicho chinkachitika.

Matenda a Idah ndinawaona koyamba tsiku lina masana, Laban ali pa ulendo. Ndinapita kukabwereka sefa, n'kupeza chitseko chili chotsegula, Ellen akulira pakhonde. Amake ndinawapeza pansi pa tebulo, atakumbatira maondo, chala chili m'kamwa. Nditaitana kuti amake Ellen, anandiyang'ana ngati sanandionepo, n'kundifunsa ndi mawu aang'ono, a mwana weniweni, ngati azakhali apita kumunda. Chisena ndimachimva pang'ono. Ndinamuuza kuti apita. Anapempha kuti ndisatseke chitseko. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka anagona, ndipo atadzuka anandifunsa kuti ndalowa liti, n'kuchita manyazi kuti sanandipatse mpando.

Masiku ena sankakhala mwana ayi. Nkhope yake inkauma, mawu n'kukhala aukali ngati a munthu wachikulire, ndipo ankadzitukwana kuti galu, mwana wa tsoka, wodya za eni. Pa masiku otero sankalawa kanthu, ndipo kamodzi anadziwotcha dala ndi nsimbi pamkono. Panalinso masiku amene ankangozimiririka ali pompo. Maso ankakhala otsegula, manja akugwira ntchito, koma munthu mulibemo. Ankatha kukwera minibasi ya ku Limbe n'kudzidzimuka ali m'tauni, pafupi ndi msika wa Blantyre, dzuwa litapendeka, osadziwa kuti wafika bwanji ndiponso kuti nsapato imodzi waisiya kuti.

A Gervazio anamutengera kwa aneneri, wina wa kuphiri, wina wa m'tenti. Anamuthira madzi, anamukuwira m'makutu, wina anamukanikiza pansi ndi bondo kuti chiwanda chitchule dzina. Akabwerako kumeneko ankakhala pansi pa tebulo masiku angapo. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi amene ankamugonetsa chiimire. Namwino wina wa kumeneko ndiye anamuuza za mayi wothandiza matenda a maganizo, amene ankaona anthu Lachinayi m'kachipinda kena ku Mandala. Idah ankaopa kusochera panjira. Anapempha Laban kuti amuperekeze, Laban n'kupitiriza kupolisha nsapato zake. Ndinapita ndine, monga gadiyani.

Mayiwo dzina lawo linali a Magdalene. Anali a magalasi, ovala nsapato zafulati, osathamanga poyankhula. M'chipinda mwawo munalibe bedi kapena jakisoni. Munali mipando yokha, yambiri kuposa anthu. Miyezi yoyamba ndinkadikira panja pa benchi. Pambuyo pake, Idah atavomera, ankandilowetsa nthawi zina kuti ndidziwe chochita zikamugwira kunyumba.

Anandifotokozera kuti m'thupi mwa Idah mulibe mzimu wa munthu wina aliyense. Mwana akamazunzidwa alibe kothawira, maganizo ake amagawikana, kuti mbali ina isenze ululu, ina ipitirize kusesa ndi kutunga madzi. Mbali zimenezo zikakula osadziwana zimalandirana thupi ngati anthu obwerekana njinga imodzi, wina osadziwa kumene mnzake anapita nayo. Chithandizo chawo ankachitchula ndi dzina la Chingerezi, sikima thelapi. Ankati munthu wozunzidwa ali mwana amakula ndi mfundo zomera mizu mumtima, monga yakuti ine ndine woipa, yakuti aliyense adzandisiya, yakuti ndikapempha kanthu ndilangidwa. Ntchito yawo inali kuzula mfundozo pang'onopang'ono, ndi kulera mwana amene sanaleredwe, mpaka mwiniwake ataphunzira kumulera yekha.

Mbali zakezo Idah anazipatsa yekha mayina. Ya pansi pa tebulo anaitcha Kamwana. Yodzitukwana anaitcha Azakhali, chifukwa mawu ake anali omwe aja. Yongozimiririka anaitcha Mlonda, popeza inkabwera kudzatseka zitseko zonse ululu ukachuluka. Iliyonse inali ndi mpando wake. Idah ankakhala pa mpando wa Mlonda n'kunena zimene Mlonda akuopa, kenaka n'kusamukira pa wake n'kumuyankha. Ankamuthokoza kuti anamusunga ali mwana, n'kumupempha kuti tsopano aziyamba waodira asanalowe. Poyamba ndinkaona ngati sewero la ana a sukulu, ndipo ndinapemphera kuti Mulungu andionetse ngati muli choipa. Sindinachione.

Tsiku limene sindiliiwala ndi limene a Magdalene anayankha Azakhali. Idah anali atakhala pa mpando umenewo, akudzinena kuti ndi chitsiru chosayenera kukhala ndi mwana. A Magdalene anamudzutsa, n'kumuimika kumbuyo kwawo, n'kuyang'ana mpando wopanda munthuwo.

"Mayi, mwayankhula zaka zambiri, lero mumve," anatero, osakweza mawu. "Uyu anali mwana wamasiye. Munamutsekera m'mapira ngati khoswe. Cholakwa chinali chanu, osati chake. Muno simutukwanamo munthu."

Ananyamula mpandowo n'kukauika pakhonde, n'kutseka chitseko. Idah anaima akudikira kuti china chake chimugwere. Palibe chinagwa. Potuluka anaulambalala mpandowo patali, koma m'minibasi, titafika pa Chichiri, anaseka yekha kuseri kwa dzanja, n'kundinong'oneza kuti lero azakhali agona panja, udzudzu uwaone.

Zinatenga chaka n'kupitirira, ndipo panali milungu imene zonse zinkaoneka ngati zabwerera pomwe zinayambira. Nthawi zina ankatsinzina n'kubwerera m'maganizo ku kanyumba ka mapira kaja, a Magdalene n'kumuuza kuti alowa nawo m'chithunzi cha m'maganizocho, atsegula chitseko, amunyamula mwanayo n'kutuluka naye. Akachoka kumeneko ankakhala wotopa ngati walima tsiku lonse. Koma inafika nthawi imene wotsegula chitsekocho anali Idah wamkulu mwini. Kusochera kunachepa. Akamva kuti Mlonda akubwera ankagogoda khoma lathu, ine n'kupita kukamufunsa dzina la tsiku ndi mtundu wa chitenje chimene ndavala, mpaka maso ake atabwerera.

Ndipamene a Magdalene anati Kamwana asamangosamalidwa Lachinayi lokha. Anati Idah apeze njira yake yomukumbukira m'mawa uliwonse, kumuuza kuti ali pabwino asanayambe kulira. Za kampando anaganiza ndi Idah yekha. Tinakagula limodzi mumsika wa Limbe, kwa bambo wina wogulitsa mipini ndi zipande, ndipo anasankha kakafupi kuposa tonse. Bamboyo anafunsa ngati mwana wake ndi wamkulu bwanji, iye n'kuyankha kuti ndi wamng'ono, koma wachedwa kupeza pokhala. Za shuga wambiri anandiuza kuti kwa azakhali tiyi wa ana ankakhala wopanda shuga.

Chaka chimenecho Idah ananenepa. Kusitolo anamukweza kuti aziyang'anira anzake, ndipo anagula makatani atsopano ndi kabati yagalasi. Loweruka lililonse m'mawa ankakhala pakhonde, Ellen pakati pa miyendo yake, n'kumuluka tsitsi. Mwanayo anali ndi tsitsi lambiri, lolimba, ndipo ankadandaula kuti amayi mukukoka, amake n'kumuuza kuti kukongola kulibe chifundo, apirire, akamaliza amugulira chimanga chootcha. Tsiku lina, akupesa choncho, anandiuza kuti chimene akulimbikira ku Mandala n'chimodzi: mwana wake asadzakule akufunafuna amake pansi pa tebulo.

Chaka chomwecho ku Mpingwe kunagwa maliro. Noel, mwana yekhayo wa a Gervazio ndi a Alefa, wamsinkhu wa Ellen, anadwala mutu n'kumwalira sabata isanathe. Achipatala anatchula matenda ake, koma a Alefa sanawamve. Inali nyengo ija ya mphekesera za anamapopa, pamene munthu ankagendedwa chifukwa chongonyamula chikwama chachilendo, ndipo imfa iliyonse inkafunidwa mwini wake. Idah anagona pamaliropo, anaphika, analira mpaka mawu anatha.

Pa tchuthi a Alefa anapempha kuti Ellen akakhale nawo masiku angapo, poti nyumba yazizira. Idah anavomera ndi mtima wonse, n'kumusitira yekha zovala. Kumeneko, akumwa tiyi, mwanayo anafunsa amayi ake aakuluwo chifukwa chake iwo sathirira kamwana. Atamufunsa kuti kamwana kake kati, anafotokoza monga mwana afotokozera. Anati kwawo kuli kamwana kosaoneka, kali ndi mpando wake kuseri kwa chitseko, amayi amakapatsa tiyi anthu asanadzuke, amakayankhula Chisena, ndipo amati zimenezi si zouza anthu.

Aliyense wokulira kuno akudziwa mmene mawu amenewo amamvekera m'makutu a munthu woferedwa. Amati pali anthu amene amapha mwana m'matsenga n'kumusunga kuseri kwa chitseko ngati ndondocha, kumudyetsa mobisa kuti aziwabweretsera chuma. A Alefa anaika pamodzi kampando, tiyi, makatani, kabati, kukwezedwa pantchito, ndi manda a Noel. Kampandoko kanagulidwa Noel asanadwale, koma kwa iwo zimenezo zinangosonyeza kuti malo anakonzedweratu.

A Alefa anamubweza Ellen kwa amake osanena kanthu, n'kudikira kuti Laban abwere ku Beira. Laban sanafikire kunyumba kwake, anafikira ku Mpingwe. Loweruka m'mawa anatulukira onse atatu pa galimoto ya a Gervazio. Idah anali pakhonde akuluka. Mbali imodzi ya mutu wa Ellen inali itatha, mizere yowongoka bwino, ina tsitsi lili chiimire. Idah anaika chipeso pansi, anawalonjera, n'kutuma mwana kukatenga mipando. A Gervazio anati mpando umene abwerera ndi umodzi wokha, n'kulowa m'nyumba osaodira. Anatuluka ndi kampandoko, chitenje chake chili pompo, n'kukaika pakati pa bwalo. Anthu a nyumba zoyandikana anayamba kusuzumira pampanda.

"Mlamu, amakhala apa ndani?"

"Palibe, alamu. Ndi za kuchipatala."

"Chipatala chake chiti cholembera munthu mpando m'malo mwa panado? Laban, ukumva? Mkazi wakoyu tiyi amathirira thabwa, iwe ukumwa wozizira wa m'fulasiki pa Mwanza."

Ena pampanda anaseka. Laban ankayang'ana makiyi m'manja mwake.

Idah anayesetsa. Ndinamuona akuponda pansi mwamphamvu, akuyang'ana mtengo wa mapeyala, milomo ikutchula mayina a zinthu monga ankachitira kumpopi. Kenaka anayamba kufotokoza za Mandala, za mipando, za azakhali ndi kanyumba ka mapira, zinthu zimene anali asanauzepo munthu aliyense wa kubanjako. A Gervazio anamudula, n'kuuza anthu a pampanda kuti mwamva nokha, sing'anga wake ndi wa magalasi, ufiti wa masiku ano uli ndi ofesi.

Ndinatuluka n'kuwauza kuti kampandoko tinagula limodzi, kuti ku Mandala ndimapita naye ndine, ndi kuti a Magdalene angathe kuyankhula nawo pafoni pompo. A Gervazio anandiyankha ndi ulemu uja wopweteka kuposa chipongwe.

"Amake Jacob, inu ndi mayi wa Mvano, timakulemekezani. Koma ng'ombe za mkazi uyu sizinatuluke m'khola mwanu. Kawerengeni Baibulo."

Pamenepo a Alefa anagwira Idah pamkono, pachipsera cha nsimbi pomwe, n'kumukokera pa kampandoko. Anamuuza kuti aitane amene amakhala pamenepo. Anati ngati samuitana amutsekera m'bafa mpaka atanena zoona, ndipo anayambadi kumukankhira ku bafa lathu la panja, lopanda zenera, a Gervazio atatsegula kale chitseko. Za kanyumba ka mapira anali atangozimva kumene m'kamwa mwa Idah mwini.

Idah anagwa, anakwawira kuseri kwa ndowa pampopi, n'kukumbatira maondo. Ndipo pamaso pa anthu onse aja panatuluka mawu aang'ono aja, a mwana, akupempha m'Chisena kuti asamutsekere, muli mdima, sadzachitanso, akufuna amayi ake.

Kenaka a Alefa anagwada, n'kutambasulira manja munthu amene ankamukoka uja.

"Noel. Noel mwana wanga, ndine amako. Anakutsekera kuti?"

Ndaona maliro ambiri, a mwamuna wanga omwe, koma chonga chimenecho ndinali ndisanachionepo. Mayi woferedwa ankaitana mwana wake m'kamwa mwa mwana wamasiye amene akuitana amake, anthu n'kumagwedeza mitu kuti umboni wapezeka. Ellen anali pakhonde, atanyamula mpando umene anamutuma uja. Ndinamutenga n'kumubisa nkhope m'chitenje changa, koma makutu sindikanatha kumutseka.

A Gervazio anathira palafini pa kampandoko n'kuyatsa. Kanayaka msanga, kanali ka paini. Chigamulo anachinena ali chiimire: mwana wa mtundu wawo sangagone nyumba imodzi ndi mfiti, Ellen akupita ku Mpingwe tsiku lomwelo, ndipo za mkaziyo akambirana monga banja. Anafunsa Laban ngati ali ndi mawu. Laban anati achimwene anena kale. Mwanayo anachita kumuchotsa m'manja mwanga.

A Magdalene anabwera Lolemba. Anapita ku Mpingwe, osawatsegulira geti. Anakadandaula ku ofesi ina yoona za ana, ndipo kumeneko anaitana mbali zonse ziwiri. A ku Mpingwe za ndondocha sanazitchule. Anangobwera ndi anthu a pampanda aja ngati mboni zakuti mayiyu amakwawa pansi n'kumayankhula ngati khanda mwana akuona. Tsiku limenelo amene anakhala pa mpando wa Idah anali Mlonda. Maso anali gwa kukhoma, osayankha ngakhale dzina lake. A Magdalene anafotokoza zonse, ine ndinanena zimene ndinaona, koma a ku ofesiko anati mwana akhale kaye kumene ali mpaka mayi atachira.

Idah anakhala kwanga milungu ingapo. Kusitolo anamuuza kuti makasitomala akuopa nsalu yodulidwa ndi manja ake. Denga langa linagendedwa, ndipo amayi ena a kumpingo anasiya kundibwereka mbale. Kumpopi sankapitanso. Ndikamuviika manja m'madzi n'kumuuza dzina lake, ankangoyang'ana madziwo. A Magdalene ankabwera okha ku Chinyonga n'kukhala naye pamkeka, ndipo ankati Mlonda akugwira ntchito imene anaidziwa kuyambira kale, tisamukalipire, tidikire. Tsiku lina Idah anagwira dzanja lawo pochoka, ndipo a Magdalene anati chimenecho n'chiyambi.

Tikanadikira. Koma Laban anabwera ndi akuluakulu awiri a kwawo, nanena kuti mwambo ndi wakuti mkazi ukamusiya umakamutula m'manja mwa amene anakupatsa. Ndinati akhale ndi ine, chakudya chilipo, pogona palipo. A Magdalene anathamanga kuchokera ku Mandala n'kuwauza kuti kumubweza kumeneko n'kubwezera munthu wopsa pamoto. Mmodzi wa akuluakuluwo anati iwo sakakamiza munthu, n'kufunsa Idah pamaso pathu ngati akukana kupita kwawo. Idah sanakane, chifukwa munthu wokana munalibemo. Amene anamupereka pa ukwati, wotsala yekha wa kwawo, anali azakhali aja.

Idah anakwera basi ya ku Nsanje ndi chikwama chimodzi. A Magdalene anapitako kamodzi. Anawalandira bwino, anawapatsa mpando pamthunzi, n'kuwauza kuti wodwalayo wapita kudimba, sabwera msanga. Ndamva kwa mayi wina wogulitsa nsomba za ku Chigwa kuti Idah ali moyo. Amatunga madzi, amasinja mapira, sayankhula ndi munthu, ndipo azakhali akewo, amene tsopano ndi okalamba osaona bwino, amauza anthu kuti tauni yamuthandiza, wabwera wofatsa kuposa kale.

Ellen ndinamuona ku Limbe miyezi ingapo yapitayo, a Alefa atamugwira dzanja. Watalika, ndipo amamuveka bwino. Mutu ndi wometa mpala. Ndinamva kuti anamumeta tsiku lomwe lija, kuti achotse zimene manja a amake anasiyamo, ndipo chiyambire salola kuti tsitsi likule. Anandizindikira, n'kuyang'ana pansi.

M'nyumba ya Idah muja munalowa anthu ena, ndipo m'mawa mpopi umalirabe m'ndowa nthawi yomwe ija. Ndikamapempherera Idah, chimene chimandibwerera si moto uja, sinso mawu a Kamwana. Ndi kanthawi kochepa galimoto isananyamuke. Ellen anali kale pa mpando wa kumbuyo, theka la mutu lolukidwa, theka lili chiimire. Idah anadzuka kuseri kwa ndowa kuja, ndipo anali iye mwini, wamkulu uja, ndinamudziwa ndi mayendedwe. Mphamvu imeneyo sindidziwa anaitenga kuti. Anasasa fumbi pachitenje, anatola chipeso pakhonde, anadutsa pafupi ndi moto, n'kufika pa zenera la a Gervazio. Sanakane mlandu, sanalire. Anagwada monga mkazi wolowoledwa agwadira alamu ake, n'kupempha chinthu chimodzi, chimene palibe anamuyankha, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

"Alamu, mwana asayende chonchi pamsewu, anzake amuseka. Ndiloleni ndingomumaliza mbali yatsalayi."